Anyazimba, Osunga Moni wa Mwiza

"Iwe Fabian, nyimbo yako ija ilibe kamwana? Kakang'ono, koti munthu n'kukabisa m'chitenje?"

Anandifunsa choncho Anyazimba, tili pa mpopi kuseri kwa wodi ya ana. Ine ndinamwetulira, poganiza kuti ayamba kundiyamikira. Masiku amenewo aliyense akatsegula pakamwa pafupi nane, ndinkayesa akufuna kundiyamikira. Giredi naini inali itandilavula, ndipo posowa pogwira ndinadzisankha ndekha kutsogolera kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu pa Chama. Koma nkhani ino ndi ya mayi amenewa, ngakhale ndayesetsa ndithu kuti ikhale yanga.

Dzina lawo ndi Tisiyenji Zimba, kwawo ku Kambombo, kumene amalima chimanga ndi amuna awo a Jackson Goma. Kumeneko amatchuka ndi moni. Munthu wofulumira sadutsa pakhomo pawo, chifukwa akufunsa za iwe, za amako, za nkhuku, mpaka za bondo la amalume ako lija linatupa chaka chatha. Ndiye taonani, mayi wa moni chotere n'kubala mwana wosafuna moni.

Mwiza, chitsirizira chawo, sayang'ana munthu m'maso. Ukamugwira dzanja amalichotsa ngati lakhudza khala la moto. Mawu ali nawo, koma ndi obwereka: amabweza zimene wamva, nthawi zina za dzana. Tsiku lonse akhoza kukhala akundandalika zitsononkho pamzere, ndipo ukasuntha chimodzi, mudzi wonse udziwa. Ena ankati analodzedwa, ena ankati amake amamulekerera. Anyazimba anayenda naye kwa asing'anga ndi kwa opemphera, mpaka chaka cha chilala chija tinkadya chimanga chachikasu, pamene miyendo inafunika pa zina. Atasiya kuyendayenda anayamba kumuyang'anitsitsa mwanayo. Anaona kuti saopa anthu ayi. Chimene chimamupweteka ndi phokoso, manja obwera mwadzidzidzi, ndi chinthu chosintha osamuuza.

Chaka chino Mwiza anaponda khasu. Chilonda chinayamba kununkha, ndipo a Jackson anamunyamula panjinga mpaka pa boma. Sisita Doris, namwino wa wodi ya ana, ananena mosabisa: phazi lipulumuka ngati mwana akhala m'chipatala mpaka chilonda chiume. Akachoka msanga, mwina adzabwera kudzalisiya.

Manje wodi ndi malo oipitsitsa kwa mwana ngati Mwiza. Kwathu kuno munthu akabwera kudzaona wodwala wake sangadutse mabedi enawo ngati akudutsa mitengo. Amaima pa lililonse, kugwada, kugwira mwana pamphumi, kufunsa wagona bwanji. Tsiku loyamba lomwe Anyazimba anamangirira chitenje chawo kuchokera pa chitsulo cha bedi kukafika pa zenera, kukhala kanyumba. Mwiza m'kati ndi zitsononkho zake, iwo kunja pa simenti ngati mlonda.

"Odi, timuone mwana," ankatero alendo.

"Mwachita bwino, amama. Moni wakeyo ndipatseni ine, ndimusungira."

"Aa! Moni amasunga?"

"Uyu amadya wozizira."

Ndipo ankasungadi. Alendo akatha, wodi itakhala zii, ankalowa m'kanyumba muja n'kumapereka umodziumodzi, motsitsa mawu. "Amayi a duku lofiira akuti wagona bwanji. Abambo a ndodo aja akuti pepa." Mwiza, maso ali pa zitsononkho, ankabweza kuti, "Akuti pepa."

Ndi sisita Doris anapangananso zawo. Sisitayo akafika ankagogoda chitsulo cha bedi ndi sizasi, n'kudikira. Kenako ankayamba kutsuka phazi la Anyazimba, lopanda chilonda, kulimanga bandeji Mwiza akuona. Akatha apo m'pamene mwana ankatulutsa lake. Phazi la mayi amenewa ndilo linali loyera kuposa onse m'boma la Chama.

Zinthu zinkayenda, chilonda chinayamba kufiira bwino. Kenako Lamulungu lina ndinafika ine.

Ndinali nditapeka nyimbo yotonthoza odwala, ndipo ndinkakhulupirira kuti tsiku lina idzamveka pa wailesi. Ndinabwereka shati yoyera ya atate, kwaya pambuyo, ng'oma ndi zisekese. Anyazimba anaimirira, manja ali m'mwamba, ine ndinayesa akufuna kuvina. Tinaiyamba. Nyimboyo ili ndi malo ena okwera kwambiri, amene ndinadzisungira ndekha. Nditafika pamenepo mawu anga anathyoka ngati a tambala wophunzira kulira, ndipo nthawi yomweyo m'chitenje munatuluka mfuu. Mwiza anatseka makutu, akumenyetsa chidendene pa chitsulo, bandeji yonse magazi okhaokha. Ine, poona kuti nyimbo yagwira munthu, ndinakweza manja kuti kwaya iwonjezere. Anatitulutsa ndi sisita Doris, atanyamula beseni.

Panja, Damaris woimba mawu oyamba anati, "Mwamva? Chiwanda chimenecho. Sichifuna nyimbo ya Mulungu."

Tonse tinavomera, ndipo tinapangana kubweranso Lamulungu lotsatira ndi ng'oma yachiwiri. Ine ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati bishopu. Nyimbo yanga, ulendo woyamba womwe, yadzutsa chiwanda!

Mawu amenewo anathamanga kuposa njinga. A Jackson pobwera ndi ufa anali atawamva kale pamsika. Anauza akazi awo kuti zikachitikanso, mwana amutenga. "Sindingalole mwana wanga akhale choonerera pa boma. Kaya phazi, kaya chiyani, tikaonera kumudzi."

Anyazimba anasowa mtengo wogwira. Iwonso ndi mayi wa tchalitchi, sangaime pakhomo n'kuuza ana a anthu kuti musapemphere. Kukalipa sadziwa. Chimene amadziwa ndi kusunga. Ndiye anandidikira pa mpopi paja, ine nditabwera kudzaona ngati anamwino akukamba za ine, n'kundifunsa za kamwana ka nyimbo.

"Amama, nyimbo imeneyi imafuna mawu anayi ndi ng'oma," ndinatero.

"Ine ndili ndi mawu amodzi, ndiponso ndi oipa. Tandiimbira kuno kukhutu."

Ndinawaimbira monong'ona, ndikuyang'ana uku ndi uku kuopa kuti wina angaone mtsogoleri wa kwaya akuimbira khutu limodzi. Anaibwereza. Sananame, mawu awo ndi oipadi. Kenako ananditenga kulowa mu wodi, n'kundilozera pansi pafupi ndi chitenje.

"Khala apa. Usalankhule."

"Osapereka ndi moni womwe?"

"Ndipatse ine."

Ndinawapatsa, analowa nawo. Ndinamva akuti, "Mnyamata wa shati yaikulu uja akuti pepa. Wakusiyiranso ichi." Anang'ung'udza mzere woyamba wa nyimbo ija, mokhotakhota, n'kusiya.

Kenako kamawu kakang'ono kanaitola pomwe anaisiya amake. Mwiza anaimba nyimbo yanga, mawu onse, mzere ndi mzere, monga anaimvera tsiku lija ali m'kati mokuwa. Mtima wanga unayamba kufufuma. Ndiye anafika pokwera paja, ndipo mawu ake anathyoka pomwe anathyokera anga, tambala yemweyo, osasiyako ndi pang'ono pomwe. Atamaliza anayambiranso, n'kuthyokanso.

Amayi a m'mabedi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa okha akugwedezeka. Sisita Doris podutsa ndi thireyi anandinong'oneza kuti, "A kwayamasitala, mwapeza wophunzira wokhulupirika."

Anyazimba anatulutsa mutu. Iwo sanaseke.

"Nyimbo Mwiza waikonda, mwananga. Chimene sangathe ndi inu nonse nthawi imodzi. Atate ake abwera Lamulungu."

Anabwerera m'kati, ine ndinatsala pa simenti, ndikumvetsera chiwanda chathu chija chikuimba nyimbo ya Mulungu kachitatu.

Ndisanafike pa geti ndinali nditatsimikiza. Loweruka pokonzekera nyimbo ndikawauza anzanga kuti ng'oma zonse ziwiri zitsala kutchalitchi. Tikaima pansi pa mtengo wa mango kutali ndi mazenera, ndipo amene ali ndi moni kapena nyimbo ya Mwiza akasiye kwa Anyazimba, mmodzimmodzi. Damaris adzati ndaopa chiwanda, anene. Koma pokwera paja sindikonzapo ayi. Mwiza sakonda zinthu zosintha.