Mwaye wanu, abambo a Tadala

Abambo a Tadala, lero zakwana zaka ziwiri chikuikireni m'manda, ndipo wailesi yandikumbutsa za inu. Akuti akatswiri akupeza mwaye pa madzi oundana a kumalekezero a dziko, ndipo akaupima amadziwa kuti uwu wachokera ku moto wa nkhuni ndi tchire, uwu ku utsi wa mafuta a galimoto ndi sitima. Ndakumbuka tsiku lija kumunda kwathu ku Mbulumbuzi, nditaunjika mapesi, machesi ali m'manja. Munapaka chala mwaye wa kunsi kwa ketulo imene tinabwera nayo n'kudetsa duku langa loyera. Munati, "Amayi a Tadala, mwaye ukagwera pa ayezi amada chonchi, dzuwa n'kumusungunula msanga. Utsi wathuwu suthera pano, umayenda." Ndinakukhulupirirani, paja munali aphunzitsi. Kuyambira pamenepo ndinkakwirira mapesi ndi khasu, msana ukuwawa, anzanga akundiseka kuti ndikuweta chiswe.

Patangotha sabata imodzi titakuikani, kunabwera bambo wina wa kuseri kwa phiri kudzafunsa kuti uvuni wanu wa makala aufukule ndani. Uvuni wanu! Loweruka lililonse munkati mukukachonga mayeso, kani munkakagwetsa mitengo n'kuifukiza. Chifuwa chinkakuvutani chija munkanamizira choko cha kusukulu, ine n'kumakuwiritsirani mandimu ngati chitsiru. Ndimakusowanibe, n'chifukwa chake zikundiwawa chonchi. Mapesi ndikukwirirabe mpaka lero. Koma akatswiriwo akadzapeza mwaye wa pakhomo pano, adziwe kuti ndi wanu. Wanga mulibemo.