Giyabokosi Yaikulu ndi Mtsetse wa Kwathu

Bambo anga atapuma pa ntchito ya uphunzitsi, anatsala ndi zinthu ziwiri zimene ankazisamala mofanana: ulemu wawo ndi kagalimoto kakale kobiriwira. Nyumba yathu ili pamwamba pa chitunda, kufupi ndi nkhalango ya Chongoni, ndipo tchalitchi chathu chili kumunsi, pamene mtsetse umathera. Mfundo imeneyi ndi yofunika pa zonse zimene zinatsatira.

Bondo lawo lakumanzere litayamba kuuma, kuponda kalachi kunasanduka chintchito. Ankasintha giya mochedwa, injini n'kumalira ngati chigayo, ndipo tsiku lina anakaima m'munda wa kachewere wa eniake. Mayi anagamula kuti makiyi aperekedwe kwa ine.

"Munapuma kusukulu, abambo," anatero. "Pumaninso pa galimoto."

"Lafooka ndi bondo limodzi," bambo anayankha. "Ine ndidakalipo."

Ndinailingalira nkhaniyi mofatsa. Chimene chinkavuta sichinali maso kapena nzeru za bambo, koma kalachi; kalachi ikachoka, chifukwa chowalanda makiyi chichokanso. Makaniko wina wa pa boma anali ndi giyabokosi ya otomatiki, yosintha magiya yokha, imene anaichotsa m'galimoto yaikulu yakufa. Ataigoneka pambali pa kagalimoto kathu, tonse tinaona kuti singalowe.

"Ilowa, mwana wa aphunzitsi," anatero makanikoyo. "Galimotoyi ndiyo ipereke malo."

Anamenya pansi pa galimoto ndi hamala mpaka m'kati munatukuka linunda. Anadula chitsulo chachitali chopereka mphamvu ku matayala akumbuyo, nachiwotcherera chofupikirapo. Ndinamufunsa za kulemera kwa giyabokosiyo, za mafuta, ndi za miyala ya mumsewu wathu. Anayankha zonse, analiza injini ndi batire la m'galaja mwake, ndipo ndinabwera nayo kunyumba.

Mayi anayang'ana linundalo, limene linali litadya malo a mapazi awo, nakhazikitsa pangano. Lamlungu bambo atsike okha kutchalitchi, dzanja la munthu wina osakhudza galimoto. Akafika, makiyi ndi awo. Akalephera, asadzawatchulenso.

Pano ndiyenera kufotokoza za batire lathu. Linali lofooka kwa zaka, ndipo m'miyezi yozizira silinkatha kudzutsa injini. Bambo ankaimika galimoto moyang'ana kumunsi. M'mawa ankamasula buleki, ikathamanga pang'ono n'kusiya kalachi, injini n'kudzuka. Tinazizolowera kotero kuti sitinkaziona ngati vuto, ndipo palibe amene anazitchula kwa makaniko. Galimoto yopanda kalachi sidzuka mwa njira imeneyo. Zimenezi tinaziphunzira Lamlungulo.

Kunali chifunga. Bambo anavala jekete, nakhala pa chiwongolero, napotoza kiyi. Panamveka kakuti "tche", basi. Sanadabwe, anamasula buleki monga mwa masiku onse. Galimoto inayamba kutsika mwakachetechete, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti phazi lawo lakumanzere linafufuza kalachi njira yonse, osaipeza. Amayi ena osenza nkhuni sanamve kanthu kumbuyo kwawo mpaka bambo anatulutsa mutu pawindo, nawapatsa moni kuti apatuke.

Mayi ndi ine tinatsatira wapansi. Tinaipeza itaima mowongoka pansi pa mtengo wa paini wa pa tchalitchi, bambo ali panja akukonza tayi.

"Sinalire," anatero mayi.

"Munati ndifike, amayi. Za kulira simunanene."

Mayi anatembenukira kwa ine. "Iwe wa dipuloma, ukuti bwanji?"

Ndinasanthula pangano lija mbali zonse. Palibe amene anakankha. Bambo anali atafika, belu lisanalire. Ndinanena kuti mawu a panganolo akwaniritsidwa, ngakhale kuti injini sinachitepo mbali.

"Mwamva?" bambo anatero, naika makiyi m'thumba la jekete.

Mapemphero atatha tinabwereka batire la zokuzira mawu za kwaya. Injini inadzuka, giyabokosi inasintha magiya yokha, ndipo bambo anakwera chitunda chonse bondo lili phee. Mayi anakhala pambali pawo, miyendo ataipendekera kuchitseko chifukwa cha linunda.

Batire tinasintha, ndipo galimoto imadzuka ndi kiyi. Komabe bambo amaiimika moyang'ana kumunsi mpaka lero, ndipo mayi sanawafunsepo chifukwa chake.