Wailesi imene Laurinda ankakana kubwereketsa

Kuno ku Ntengo-Wambalame mukatchula dzina la Laurinda, sipalephera wina wopinda mlomo n'kunena kuti, "Uja wouma manja uja?" Ine ndikamva zimenezo magazi amandiwira. Dzina langa ndi Perpétua. Nyumba yanga ndi ya Laurinda zangolekana ndi mpanda wa nkhadze, ndipo ndinamudziwa tili ku Ntcheu, kumene tinathawira nkhondo tonse tili atsikana. Munthu amene chaka ndi chaka amagawira anzake mbewu ya mbatata ya kachewere osayang'ana nkhope, lero akhale wouma manja chifukwa cha wailesi imodzi? Vuto la anthu a kuno ndi loti nkhani amaiyambira pakati.

Tinabwerera kuno mu 1993. Laurinda anali atakwatiwa kale ndi a Zacarias, ndipo popeza mudzi wa kwawo kwa Laurindayo unali utasanduka tchire, anadzakhala kuchimuna, pakati pa abale a mwamuna wake. Zaka makumi atatu zapita, koma ena mpaka lero amamuonabe ngati mlendo. Ntchito imene amaidziwa kuposa tonsefe ndi kusunga mbewu. Kachewere wake amamuyala pathandala m'kachipinda kopita mphepo, osati padzuwa, osati pachinyezi, ndipo amamutembenuza ndi manja ake mlungu uliwonse. Wathu akamaola, wake amakhala akutulutsa timaso bwinobwino.

A Zacarias anali munthu wa nyimbo. M'kwaya ya tchalitchi chathu ankaimba besi, mawu aja ochokera pansi pa mimba, omveka ngakhale uli panja ukutonthoza mwana. Mu 2009 kwayayo inakwera lole kupita ku Ulongwe kukajambulitsa nyimbo zisanu ndi zitatu, zina mwa izo zopekedwa ndi a Zacarias omwe tili kothawa nkhondo kuja. Woimba aliyense anabwerako ndi chimbale chake chimodzi. Mukufuna kudziwa kumene zimbalezo zinathera? Zina zinakhomedwa kumbuyo kwa njinga kuti ziziwala galimoto ikaunika. Zina zinapachikidwa m'madimba kuopsezera mbalame. Changa ine, ndisaname, adzukulu ankachigubuduza pabwalo mpaka chinasweka. Laurinda yekha ndiye anakulunga chawo mumpango n'kuchiika pansi pa bokosi la zovala, ngakhale panyumbapo panalibe choimbira.

Zaka zinayi zapitazo a Zacarias anagwa m'munda akupalira nyemba. Kuchipatala anati ndi tromboze, matenda aja oumitsa ziwalo. Anabwerako dzanja lamanja litafa, mwendo akuchita kukoka, ndipo mawu onse atawathawa. Amamva zonse, maso awo amayankha, koma pakamwa sipatuluka kanthu. Bambo amene ankadzaza tchalitchi ndi mawu anayamba kutandala pampando pakhonde, akafuna madzi n'kumaloza ndi chala.

Pa Natale wotsatira, Khirisimasi imene amatero ena, mwana wawo Mónica, amene amagwira ntchito m'sitolo ku Tete, anabwera ndi wailesi yoimba zimbale pamodzi ndi bateriya yake. Sinali yatsopano, masiku ano ndani akugulanso zimenezi, koma inali yamoyo. Iye ankangofuna kuti bambo ake azipeza chowasangalatsa. Ndinalipo pamene ankailumikiza, ndipo ndikukumbukira mmene ankalangizira mayi ake pang'onopang'ono.

"Amayi, iyi ndi ya doze volts, mavolti khumi ndi awiri. Waya wofiira apa pali kamtanda, wakuda apa pali kamzere. Mukasinthanitsa, pronto, yapsa. Izitenga moto kubateriya, osati kupainelo ya dzuwa ya padenga ija. Kagalasi kali pawayaka ndi fuzivelu, ndiye mlonda wake. Kakapsa musamange ndi waya, mundiimbire foni, ndidzatumiza kena."

"Nanga kadiso kali m'katika?" Laurinda anafunsa atasuzumira.

"Musakakhudze, ndipo musamasuzumiremo ikayaka. Chimbale muzichigwira m'mphepete, osati pamimba. Chikada, kansalu kofewa, kupukuta kuchokera pakati kupita kunja."

Kenako Laurinda anakatenga chimbale chija m'bokosi. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inatha. Itayamba yachitatu, ija yonena za kubwerera kwathu, ndinamva mabesi awiri. Ina inkachokera muwailesi, ina pampando. A Zacarias ankaimba, mawu athunthu, mzere ndi mzere, maso ali pakhoma. Laurinda anangokhala pansi pomwe anaimapo. Nyimbo itatha tinawapempha kuti atchule dzina lawo, koma sanathe. Masiku otsatira tinayesa nyimbo zina, tinayesa kuwaimbira tokha, sizinatheke. Mawu ankabwera pokhapokha akamva mawu awo omwe akuwatsogolera pachimbalecho.

Kuyambira pamenepo Laurinda anayamba kusamala wailesiyo mmene amasamalira mbewu. Anaikhomera kathandala pabalaza, kutali ndi zenera, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Ife akazi a kuno chilichonse chamtengo wapatali timachifunditsa kansalu koluka, koma iye ikamaimba ankaivundukula, ati nayonso imafuna kupuma. M'nyengo yozizira, nkhungu ikakuta mapiriwa, anazindikira yekha kuti chimbale chimadumphadumpha m'mamawa, choncho ankadikira kuti dzuwa liwombe khoma kaye. Asanayatse ankatsitsa mawu, akamaliza ankachotsa mawaya kubateriya. Chimbale ankachisiya momwemo, chivundikiro chili chotseka, kuti manja asamachigwiregwire. Tsiku lililonse, nyimbo zisanu ndi zitatu.

Patatha chaka a Zacarias anayamba kutulutsa liwu limodzilimodzi chimbale chikangotha. "Madzi." "Zikomo." Tsiku lina anati "Laurinda," ndipo mwini dzinalo anabwera kwanga akuthamanga, chitenje chili m'manja. Namwino wa kuchipatala anamuuza kuti apitirize, asadumphitse ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye kunabwera obwereka. Wa chinkhoswe, wa ubatizo, wa phwando la mwana wopambana mayeso. Kuno chinthu cha pa nyumba imodzi ndi cha mudzi wonse, ndipo ine sindikutsutsa, khasu langa lomwe lili kwa anthu pamene ndikulemba pano. Koma kodi ndodo ya munthu wolumala amabwereka? Laurinda ankayankha mofatsa kuti, "Pepani, amenewa ndi mankhwala a bambo." Iwo ankachoka akung'ung'udza kuti mtengwa wayamba kudzimva. Chonsecho onsewo ali ndi mafoni odzaza nyimbo. Chimene chinkawapweteka si nyimbo ayi, koma kuti mkazi wobwera angawakanize chinthu m'mudzi mwawo.

Amene anakakamira kwambiri ndi Felisberto, mwana wa mlongo wa a Zacarias, bambo wa ndevu zake, wa ana anayi, wonyamula anthu panjinga yamoto. Pachikhalidwe chathu mwana wa mlongo amalowa momasuka m'nyumba ya atsibweni ake, ndipo pa miyambo yonse Felisberto analoweza umodzi wokhawu. Kudzawasambitsa atsibweniwo sanabwerepo ngakhale kamodzi.

"Titiya, za atsibweni ndi zanga," anatero kwa Laurinda tsiku lina ataimirira pakhomo. "Tsiku limodzi lokha. Ine makina ndimawadziwa, mota ndimakonza ndekha."

"Khasu tenga, njinga tenga, ngakhale mbuzi," Laurinda anayankha. "Iyi yokha ayi."

Loweruka lotsatira ine ndi Laurinda tinapita kumsika ku Tsangano ndi matumba a kachewere. Tinanyamuka a Zacarias atamaliza nyimbo zawo, atadya, atakhala pakhonde, mlongo wawo uja, mayi ake a Felisberto, atalonjeza kuti aziwasuzumira. Tinabwerako dzuwa litapendeka. Pakathandala panatsala kansalu kokha. A Zacarias anali pomwe tinawasiya, nkhope itanyowa, dzanja lamoyo lija likumenya bondo.

Zimene zinachitika tinazimva kwa anthu amene anali kuphwandoko. Mnzake wa Felisberto anagula njinga yamoto yatsopano, ndiye ankasangalalira. Bateriya ya Laurinda Felisberto anaiona kulemera, choncho anangonyamula wailesi n'kukailumikiza kubateriya ya njinga yake. Anasinthanitsa mawaya. Kagalasi kaja kanapsa, monga kanayenera kuchitira, ndiyo ntchito yake. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Katswiri wathuyu anang'amba kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, n'kukulunga pamene panali kagalasipo, n'kulumikizanso chimodzimodzi. Akuti munatuluka utsi ndi fungo la pulasitiki.

Zikanathera pamenepo bwenzi Mónica atapeza wailesi ina, ngakhale movutikira. Koma chimbale cha kwaya Felisberto anali atachitulutsa kale kuti aikemo zovinira, n'kuchisiya pamwala wa pakhonde pamene anthu ankaikapo mabotolo. Ataona kuti chakalikakalika, mantha anamugwira. Anamvapo kwinakwake kuti chimbale chokalika amachipukuta ndi mankhwala otsukira mano. Popeza analibe, anatapa phulusa losakanizika ndi mchenga n'kuchikwecha mozungulira ngati poto.

Anabweza zonse Lamulungu, atazikulunga m'jumbo, n'kuzisiya pakhomo Laurinda ali kutchalitchi. Ngakhale kulimba mtima kopereka pamanja analibe. Chimbale chinali chotuwa, osaonetsanso nkhope. Mónica anachitengera ku Tete, anayenda nacho kwa anthu atatu odziwa makompyuta, onse anapukusa mutu, ndipo chinabwerera momwemo. Ku Ulongwe, nyumba yojambulira ija inasanduka malo ogulitsira mowa kalekale. Ine ndinayenda khomo ndi khomo kwa oimba akale, mpaka ku Chidzolomondo kumene wina anasamukira. Chimodzi ndinachipeza chikulendewera m'dimba la kabichi, dzuwa ndi mvula zitachisenda.

Pomatha mwezi, "madzi" ndi "zikomo" anali atapita. A Zacarias anabwerera kuloza ndi chala. Apa m'pamene a Lourenço, mkulu wawo wa a Zacarias, anaitanitsa abale kuti akonze nkhani. Musaganize kuti anaitanitsa chifukwa cha wodwala. Anaitanitsa chifukwa Laurinda anasiya kuyankha moni wa Felisberto, ndipo zimenezi akuti zinkachititsa manyazi banja. Anasonkhana masana pabwalo la Laurinda, a Zacarias ali pampando wawo pakhonde. Ine sanandiitane, ndinangodutsa pankhadze n'kukhala.

Felisberto anayankhula maso ali pansi. "Ine sindinabe. Ndinagwada, ndinapempha kwa eni ake. Ndinati atsibweni, ndabwereka. Sanakane."

Ndinafuna kumulavulira. Munthu woti sangathe kutchula dzina la mwana wake, akanakana ndi pakamwa pati? Felisberto ankadziwa bwino chimene ankachita podikira tsiku la msika.

A Lourenço anatsokomola, n'kutembenukira kwa Laurinda. "Alamu, madzi akatayika saoleka. Chinthu ndi chinthu, chimatha, koma chibale n'fupa, sichiola. Mwanayu wabweretsa kasipika aka, kamalowa memori, muli nyimbo mais de quinhentas, zoposa mazana asanu, za Mulungu zomwe zilimo. Então landirani, nkhani ithe. Ndiponso mwini wailesi, mng'ono wangayu, sitinamumve akudandaula."

Anthu pabwalo anavomereza ndi mitu. Ine lilime linkandiyabwa, koma Laurinda anandigwira bondo kuti ndikhale chete. Anadzuka, analowa m'nyumba, anatuluka ndi wailesi yakupsa ija. Anaikhazika pakampando patsogolo pa mwamuna wake. Anapukuta manja pachitenje, anagwira chimbale chotuwa chija m'mphepete, anachiikamo, anatseka chivundikiro, anadina.

A Zacarias anawongola msana. Anakweza chibwano, anakoka mpweya, milomo ili yotsegula pang'ono, kudikira kuti nyimbo iyambe. Tinkamva nkhuku zikupalasa kuseri kwa nyumba. Anatulutsa mpweyawo, anakokanso wina. Mayi ake a Felisberto anaphimba nkhope ndi mpango.

"Zimitsani, alamu," a Lourenço ananena chapansipansi.

"Sinayake," Laurinda anatero. "M'mawa uliwonse amaloza mpaka ndidine, ndiye amadikira chonchi mpaka atatopa. Ine ndalephera kuwauza. Inu ndinu odziwa kuyankhula, alamu. Senderani pafupi, muwauze kuti chinthu ndi chinthu."

Palibe amene anasuntha. A Zacarias anakokanso mpweya.