Majini a Che Zubairu

Che Zubairu anabadwira ku Chiuta akudzikanda. Azamba amene anawalandira ankalumbira kuti khandalo linayamba lakanda kaye kuseri kwa bondo, kenako n'kukumbukira zolira. Anakula choncho. Zigongono zawo zinali zotuwa ngati mlamba woiwalika padzuwa, ndipo akakhala pakhonde n'kuyamba kukanda, nkhuku zinkathamangirako poganiza kuti wina akupeta mpunga.

Atafika paunyamata, chifuwa nacho chinati sindingatsale. Chinkaimba mluzu moti akamapalasa bwato, a tsidya la Mozambique ankadziwa kuti kwacha. Nanga kuyetsemula! Kamodzi kokha, matemba onse pathandala atembenuka, eni ake osagwirako n'komwe.

Koma iwo sanavomerepo kuti amadwala. Kukanda ankati ndi kuganiza mozama. Mluzuwo ankati ndi mphamvu zochuluka zimene zikusowa potulukira.

Ntchito yawo inali kuwamba milamba n'kukagulitsa m'misika, kuyambira ku Ngokwe mpaka ku Balaka. Ku Ngokweko ndi kumene anaona a Shamim akugula nsomba, nawonjezera basera mpaka dengu linatha. Anakwatirana, iwo n'kukhala chikamwini. Mwinimbumba kumeneko anali mjomba wa a Shamim, Che Swaibu, munthu amene zinthu zooneka ankazikalipira mokweza, koma zosaoneka ankaziopa mpaka kunjenjemera ndevu.

Kenako kunabadwa Thandizo, kamtsikana kamene kanawalanda Che Zubairu nzeru zonse. Sikanachedwe kufiira masaya ndi kuuma kuseri kwa mawondo.

"Kwathu kulibe zimenezi," anatero Che Zubairu uku akukanda chigongono. "Izi n'zakuchikazi."

A Shamim anangowayang'ana. Koma mwanayo atayamba kuyenda n'kuyambanso kubanika popuma, anamubereka, n'kuwakoka amuna awo ulendo wa kuchipatala.

Adokotala, mayi wina dzina lake a Luckness, anaona khungu la mwanayo, namvetsera chifuwa chake. Kenako anatembenuka.

"Kodi wina wabisa mwana wa mphaka m'thumba muno?"

"Ndi bambo akewa," anatero a Shamim. "Akuti ndi mphamvu."

A Luckness anauza Che Zubairu kuti apinde malaya, naona zigongono zija, n'kugwedeza mutu.

"Si mphere izi, ndipo sizipatsirana. Khungu la mwanayu lili ngati bwato losamatidwa bwino phula. Chinyezi chimatuluka, fumbi n'kulowa. Thupi likazolowera kukwiya ndi fumbilo, nthawi zambiri mkwiyo umafika m'chifuwa ndi m'mphuno. Zikanga, mphumu ndi kuyetsemula zimakonda kuyendera limodzi m'banja. Zimachokera m'majini."

"M'chiyani?"

"M'majini, bambo. Mwana amatengera kwa makolo. Ndipo poona zigongonozi, sitikufunika kufunsa patali."

Adokotalawo ankanena majini a sayansi, tinthu tosaoneka ta m'thupi timene timapatsa mwana mphuno ya bambo ake kapena msinkhu wa mayi ake. Anafotokozanso bwinobwino mpaka awiriwo anamva. Koma pabenchi panja panali amayi a m'mudzi odikira sikelo, ndipo khutu la pabenchi limatola mawu amodzi n'kunyamuka. Kwa iwo majini ndi aja amagwira munthu n'kumulankhulitsa mawu achilendo.

Nkhani inafika kumudzi eni ake asanakwere n'kabaza yemwe. Akuti adokotala awamva majini ndi chipangizo cha m'makutu. Pofika madzulo anali atachuluka ngati msonkhano, wina wandevu, wina wolankhula Chipwitikizi, onse ochokera pansi pa nyanja ya Chiuta.

Mawa lake Che Swaibu anaitanitsa mbumba yonse pansi pa mtengo wa mango. Che Zubairu anapatsidwa mpando wakutali, kumene mphepo imalowera.

"Akamwini, tinakulandirani ndi manja awiri, osadziwa kuti mwabwera ndi gulu. Mangani zanu muzipita," anatero Che Swaibu.

Mkamwini akamapita amatenga njinga ndi bulangete, mwana amatsala. Che Zubairu anayang'ana Thandizo ali pamiyendo ya mayi ake, masaya akunyezimira mafuta amene iwo omwe anamudzoza m'mawa umenewo.

"Mjomba, si majini amene mukuganizawo ayi. Awa ndi ena, achizungu."

"Achizungu!" Che Swaibu anadzuka, chisoti n'kugwa. "Ndiye tiwatulutsa m'chinenero chanji? Mwamva nonse, wavomera yekha!"

Che Zubairu anayesa kufotokoza za bwato ndi phula zija, koma zinangoipiraipira. Amayi ena anati eya, anabwera pabwato.

Pamenepo a Shamim anafunsa mofatsa ngati akufunsa mtengo wa tomato.

"Bambo a Thandizo, mukamapita muwatenga onse?"

Che Zubairu anawayang'ana akazi awo. Akazi awo anaphethira kamodzi.

"Iyayi, mayi a Thandizo. Ndingotenga anga okha. Adokotala anati a mwa mwanayu sachoka. Atsala konkuno, mwinanso adzafika kwa zidzukulu."

Sananame ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho chinawadabwitsa iwo omwe.

"Ndiye aziwayang'anira ndani?" anafunsanso a Shamim. "Ine sindiwadziwa. Basi mjomba, poti mwinimbumba ndinu, mwanayu akabanika ndizibwera naye kwanu."

Che Swaibu anakokera mpando m'mbuyo mpaka unagunda mtengo.

"Dikirani, dikirani, mlandu sathamangira. Akamwini, mwakhala nawo kuyambira liti?"

"Chibadwire."

"Ndipo sanakupheni?"

"Timamvana."

"Amadya chiyani?"

"Mafuta odzola, m'mawa ndi madzulo, osadumpha. Akakwera m'chifuwa, pali kampope kopumira kochokera kuchipatala. Amadana ndi utsi, sopo wonunkhira ndi fumbi la thonje."

Che Swaibu anatola chisoti chawo, nachikuntha, naganiza kwa nthawi yokwana kupsa chinangwa. Chigamulo chinali chakuti Che Zubairu sakuchoka, ndipo akadzayerekeza kuchoka adzagwidwa ndi kubwezedwa. Utsi wa milamba uzikafukira kutali ndi nyumba. M'munda wa thonje mkamwiniyo asadzapondemo, kuopa kukwiyitsa alendo. Mabotolo a mafuta anakagula Che Swaibu eni ake, aakuluakulu, n'kukawasiya pamalire a bwalo.

Mpaka lero Che Zubairu ali ku Ngokwe. M'mawa uliwonse amakhala pakhonde kudzoza Thandizo, kenako n'kudzidzoza okha mpaka ntchentche ikatera pachigongono imaterereka n'kuthyoka mwendo. Che Swaibu amadutsa chapatali, atavula chisoti.

"Mwadzuka bwanji nonse m'menemo?"

"Tadzuka tonse, mjomba. Akupereka moni."