Kabawi wa m'manja mwa agogo

Kamera ija inkalira chapansipansi ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Mwa anthu anayi amene tinali pabwalo la agogo ku Mitundu tsiku limenelo, oimva tinali awiri okha, ine ndi bambo amene anainyamula paphewa. Agogo sankamva chibadwire. Mayi amene anabweretsa kamerayo nawonso anali osamva.

Makolo anga anamwalira ndikukwawa, ndiye ndinayamba kulankhula ndi manja pakamwa pasanatseguke bwino. Zizindikiro zathu zinali za pakhomo pathu pokha, zopanga agogo eni. Dzina langa kwa iwo linali kugwira khutu. Pa nthawi imene ndikunenayi ndinali nditakula, ndikusoka zovala pakhonde la sitolo ya Msilamu wina ku Nathenje, ndipo Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga kukawaona.

Mayi aja anandipeza pakhondepo. Anandilembera pakapepala kuti ndi mphunzitsi wa ana osamva, ali pa maphunziro apamwamba, ndipo akusonkhanitsa kalankhulidwe ka osamva a m'midzi. Adzalemba buku loti akumva awerenge, komanso adzakonza kanema woti osamva, amene ambiri sanapite kusukulu, adzionere okha. Ndinawerenga kawiri. Masiku amenewo munthu wobwera ndi cholembera sitinkamufunsa kuti wamutuma ndani, yankho tinkakhala nalo kale mumtima. Ndinavomera poopa kuti ndikakana, kukanako n'kumene kukalembedwe.

Agogo sanaope kanthu. Anamanga mpango watsopano n'kukhala pamphasa ngati mkwatibwi. Anaonetsa mvula, njala, fodya, m'busa wa ku Nkhoma, mphika wophulika pamoto. Manja a mayi aja anali a kusukulu, osiyana ndi athu, moti awiriwo ankasemphana n'kumasekana. Zimenezo zinandikhazika mtima pansi. Ndinkati mayiwo zambiri sakuzimvetsa.

Kenaka mayi aja anawafunsa za kumsika, pakuti agogo ankaumba miphika n'kumakagulitsa pa Mitundu. Ndinaona dzanja lawo likukwera kuphewa n'kukupiza kawiri, monga amachitira wogwira litchowa. M'dziko muno panalibe wosadziwa kuti wa litchowa ndani, chithunzi chake chinali m'sitolo iliyonse. Kenaka zala zinapindika, zinatsika mwaliwiro n'kufwamba, ngati kabawi pa anapiye. Akabawi a mwini litchowa. Ndi mmene agogo ankatchulira anyamata a chipani oima pachipata cha msika kufunsa makhadi, kuyambira tsiku limene anawalanda nkhuku chifukwa khadi anaiwala kunyumba. Anachita katatu, akuyang'ana m'diso la kamera, akuseka.

Bambo wa kamera anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, agogo akuti chiyani pamenepa?"

"Akuti kumsika kwachuluka ntchentche. Ndiye kunyumba kuno kabawi akumaliza anapiye."

Analemba m'kope mwake. Koma ndinalakwitsa chinthu chimene munthu wokulira pakhomo pa wosamva sayenera kulakwitsa: ndinanama nkhope ili poyera. Mayi aja anali akuyang'ana milomo yanga. Anayang'ana agogo, anayang'ananso ine, osaonetsa kalikonse.

Alendo atapita ndinawakalipira agogo. Ndinawauza kuti anthu amatengedwa pa zochepa kuposa zimenezi, ndipo sabwerera. Iwo anangokweza mapewa. Anati chizindikirocho achichita zaka zambiri pamaso pa anyamatawo, wina mpaka anawagwedezera mutu poyesa kuti akumupatsa moni. Sankanama. Manja akalankhula, mawu amathera mumphepo. Chimene agogo sankadziwa n'chakuti tepi ya m'kamera imasunga, ndipo munthu angabwerezebwereze mpaka atamva.

Ndinakhala miyezi ingapo ndikusoka khutu lili kumsewu. Galimoto ikaima pa Nathenje, phazi linkaima lokha pamakina. Ndinkakumbukira nsapato za bambo wa kamera, kuti zinali zabwino kwambiri kuposa ntchito yake. Ndinayamba kukayikiranso ngati mayi aja analidi osamva. Atabweranso kudzandiuza tsiku loonetsa kanema, ndinagwetsa dala chitini cha mabatani kumbuyo kwawo. Sanacheuke. Koma ndinadziuza kuti kazitape wophunzitsidwa bwino sangacheukenso. Ndinafuna kuwafunsa za tepi, koma kufunsa kunali kuvomera kuti pali kanthu.

Kanemayo anaonetsa masana m'kalasi ya sukulu ina pa Nathenje, mazenera atatseka ndi ziguduli, jenereta ili panja. Kunabwera osamva ochokera ku Diamphwe, ku Nkhoma ndi midzi ina, anthu amene ambiri anali asanaonanepo. Patebulo panali mapepala a mayi aja, ojambulidwa manja ndi timivi, pansi pake atalemba matanthauzo. Ndinawatsegula msanga kufunafuna kabawi, koma ndisanafike pakati analowa wapampando wa chipani m'deralo, chifukwa msonkhano uliwonse sunkachitika iye palibe. Anamuika pampando wakutsogolo. Ine ndi agogo tinakhala kumbuyo kwake.

Anthu ankadziona pagalasi la wailesi yakanema n'kumagundana zigongono. Bambo wina wa ku Diamphwe ataona manja ake omwe analira. Ine ndinkayang'ana khosi la wapampando.

Agogo anatulukira pagalasipo ndi mpango wawo. Mvula, njala, fodya, m'busa, mphika. Mayi aja akuwafunsa za kumsika. Ndinagwira benchi. Chithunzi chinadumpha pang'ono, ndipo agogo anali akuonetsa kale mmene amakandira dothi, mpango utapendekera mbali ina.

Agogo anaona msanga kuposa ine. Anandigunda m'nthiti, nkhope itakwinyika, kundifunsa kuti mbali yabwino ija yapita kuti. Poganiza kuti sindinamve, anayamba kukweza dzanja kuphewa. Ndinaligwira lisanakupize, n'kulipanikiza pabondo langa mpaka kanema anatha. Bambo wa ku Diamphwe uja anationa. Anayang'ana wapampando, kenaka anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Potuluka wapampando anandigwira paphewa.

"Agogo akowa ndi ochangamuka, eti? Kungoti sitikumva zimene akunena."

"Amangonena za miphika, bambo."

"Tsiku lina udzatimasulire zonse."

Ndinati chabwino. Sindinadziwe ngati akucheza kapena ayi, ndipo mtima sunatsike. Kudumpha kwa chithunzi sikunatanthauze kuti mbali ija yatayidwa. Mwina inali m'kabati ya ofesi ina ku Lilongwe, ikudikira womasulira wabwino kuposa ine.

Ndinali ndikumanga nsalu pakaliyala ya njinga kuti agogo akhalepo pamene mayi aja anafika. Bambo wa kamera anali kuseri, akukulunga nthambo za jenereta. Mayiwo sanandilembere kapepala, sanalankhulenso ndi manja. Anatulutsa kabokosi ka machesi m'chikwama, kosatsekeka bwino, m'mbali mukusuzumira nsonga ya tepi yakuda yodulidwa ndi lumo. Anakaika m'dzanja langa, anapinda zala zanga pamwamba pake, n'kutembenuka kupita kugalimoto.