Ng'ombe Imene Inadikira Ine

Ku labolatoriyo ndimaweta mabakiteriya m'mabotolo, n'kumasefa puloteina imene amapanga, ya mtundu uja umachititsa ng'ombe misala. Nditalephera kuwalongosolera atate ku Lifidzi, ndinangoti, "Ndimapanga mankhwala a ng'ombe." Anandinyadira pagulu, ine n'kumangomwetulira.

Ng'ombe yawo yokoka ngolo itadwala, anakana kuitana veterinariyo, dokotala wa ziweto wa ku Ulongwe, amvekere mwana wawo alipo. Pa foni ndinangoti ndikubwera. Ndinatsika shapa, minibasi ya kwathu, nditanyamula mpunga basi, n'kupeza chikopa cha ng'ombeyo chili padzuwa.

Mlongo wanga, amene ndinamuululira kale zoona za ntchito yanga, anandiyalutsa pomwepo. Ine wopanda manyazi ndinamukwiyira, ngati wapereka mnzake ndiye.

Atate sanakalipe. Anangoti, "Ukanatiuza zoona, mwanawe, bwenzi ngolo ikuyenda."