Chaka Chimene Ndinapha Mileme

Chinali chipepala chong'ambidwa m'magazini, chomatidwa ndi phala pakhoma la kalasi yathu, pafamu ina ya fodya kufupi ndi tauni ya Karoi, m'dziko la eni, kutali ndi ku Malawi kwa makolo athu. Pachipepalapo panali mleme wa mphuno yophwatalala, utanyonyomala pafupi ndi chiboda cha ng'ombe. Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, m'njala ya chilala chija tinkadya sadza lachikasu, nsima ya kumeneko.

Aphunzitsi anatiuza kuti mlemewo umakhala kutali ku Amerika, ndipo sudya china koma magazi. Suyamwa ayi, iwo anatero. Umatera pansi, n'kukwawira ng'ombe yogona, n'kucheka khungu pang'ono ndi mano akuthwa ngati lezala, kenako n'kumanyambita. Malovu ake amaletsa magazi kuundana, ndipo ng'ombeyo sidzuka n'komwe. Ukagona ndi njala masiku atatu umafa, choncho mnzake wokhuta amaubzikulira magazi m'kamwa. Anamaliza ndi mawu akuti, "Kuno kulibe, musaope." Mawu omalizawa ine sindinawasunge.

Bambo anali atangomwalira kumene, ndipo m'nyumba tinatsala atatu: amayi, ine ndi mng'ono wanga. Amayi ankasankha fodya m'shedi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nyengo imeneyo zikhatho zawo zinayera ngati chinangwa chosenda. Pochokera kumpopi ankatula chidebe kawiri, ndipo akamaimba nyimbo ya kutchalitchi mpweya unkawathera pakati pa mzere. Mayi wina wachisilamu, woyandikana nafe pakomboni, anawakoka chikope ndi chala n'kunena kuti, "Achemwali, magazi mulibe umu."

Kuseri kwa nyumba yathu kunali balani yakale yoochera fodya imene anaisiya, ndipo dzuwa likamalowa mileme inkatuluka pamng'alu wa denga ngati utsi. Sindinafunse munthu; mumtima ndinangoti ndiyo ikumwa magazi a amayi. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana mapazi a amayi, ndipo mabala ndinkawapezadi: ming'alu ya kuchidendene, ina yofiira. Kutchalitchi ndinali nditamva kuti moyo uli m'magazi, ndiponso kuti mleme uli m'gulu la zodetsedwa. Lero ndikudziwa kuti munthu angathe kunyamula Mawu oona n'kupita nawo kolakwika. Ndaziona kwa akuluakulu, koma ndinayamba ndine.

Loweruka lina masana ndinatenga zinyenyeswa za fodya ndi machesi a amayi, ndinasonkha moto m'balanimo, n'kutchinga chitseko ndi njerwa. Nditatsegula, mileme inali mbwee pansi, ikukwawa ndi zigongono. Ndinaimenya ndi mkangala, ndodo yopachikira fodya, ndikupemphera mumtima ngati msilikali wa Ambuye. Umodzi unali ndi kamwana kopanda ubweya kokakamira pachifuwa. Nawonso ndinaumenya.

Utsi unaitana malume, mlongo wawo wa amayi, amene ankasonkha moto m'mabalani atsopano. Sanandikwapule. Nditawauza chifukwa chake, anatola mleme umodzi, naung'amba pamimba ndi mpeni, nandionetsa zimene zinamatirira pachala chawo: timapiko ta njenjete, timiyendo ta udzudzu.

"Muzukuru, mwana wa mlongo wanga, magazi ako aja ndi amenewa? Balaniyi ikanapsa, bwenzi mzungu mwini famu atatikweza lole tonse ndi mabulangete athu omwe. Tikanalowera kuti? Ku Malawi iweyo unakuonako?"

Amayi anangoti, "Machesi anga wamaliza." Mphamvu zokalipira analibe.

Lachitatu lotsatira anagwa m'shedi, nkhope pamulu wa fodya. Lole ya pafamu inawatengera kuchipatala ku Karoi. Masiku asanu ndi limodzi ndinaphikira mng'ono wanga, ndikubwereza pemphero limodzi lomwelo mpaka mawu ake anazizira m'kamwa. Azimayi kumpopi ankanong'onezana zakuti amayi apita padera, ndipo ndikayandikira ankayamba kukamba za mvula.

Mulungu anamva. Amayi anabwera ataonda, koma akuyenda okha. Anamwino anali atawauza kuti azidya chiwindi, mazira ndi nyemba. Malume anayenda wapansi mpaka kusitolo ya famu ina, nabwera ndi kachiwindi kokulunga m'nyuzipepala.

"Aka n'kanu nokha, achemwali," anatero malume. "Anawa adye masamba, safa nawo."

Iwo atangotuluka, amayi anakakazinga, nakadula pawiri, naika chidutswa m'mbale yanga, china m'mbale ya mng'ono wanga. Okha anangosunsa nthongo ya sadza m'timafuta totsala m'poto.

"Idyani. Ine ndakhuta zakuchipatala."

Ankatero kawirikawiri: ndadya kushedi, ndadyera kwa anzanga. Ndinadya chonse, n'kupukuta mbale ndi sadza, ndili wonyada kuti adani ndinawathetsa ndipo amayi abwerera. Ambuye andikhululukire, chinali chokoma. Zakuti kushedi sikunkaphikidwa kanthu ndinadzazidziwa patapita zaka, nditayamba kusankha fodya pabenchi lomwelo.